Musanagule mashata kapena mabulayindi a bango, dziwani kumene windo lanu layang'ana

Pafupifupi aliyense wobwera ku shedi kwanga kudzafunsa za zotchingira mawindo amayamba ndi kutulutsa foni. "Amisiri, ndikufuna ngati izi." Pachithunzipo pamakhala nyumba ya ku Cape Town kapena ya ku Ulaya, mashata (tizitseko tathabwa ta pawindo) oyera mbee, kapena mabulayindi a nsungwi olendewera bwinobwino. Ndikafunsa kuti windo lawolo layang'ana mbali iti, ambiri amangoti kukamwa yasa. Zimenezi zanditopetsa. Kuno ku Salima nkhani imayambira pa dzuwa, pa chinyontho ndi pa chiswe, ndipo mmisiri amene watchula mtengo asanakufunseni za zimenezi akungofuna ndalama zanu.

Nyanja ili kum'mawa kwathu. Kuchokera ku Chipoka, kudutsa ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, womanga nyumba amaika mawindo akuluakulu mbali ya kunyanja, ndipo akaona kunyezimira kwa madzi m'mawa amathamangira kutchinga mawindo amenewo. Koma dzuwa la m'mawa limapeza makoma atazizira usiku wonse, ndipo ikamakwana 10 koloko limakhala litakwera kale pamwamba pa denga. Loopsa ndi la kumadzulo. Mu Okutobala ndi Novembala, kuyambira cha m'ma 2 koloko masana mpaka likalowe, limabwera chopendekeka, kudutsa pansi pa mlomo wa malata, n'kugwera pabedi ndi pasimenti. Simentiyo imasunga kutenthako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku. Nthawi zambiri chipinda chimenechi ndiye chogona ana, chili kuseri kumene alendo safika, ndipo n'chimene chimatsalira ndi kansalu kakale kokhomedwa ndi misomali. Ngati ndalama zikukwanira windo limodzi lokha, yambani ndi limenelo. Mawindo a kumpoto amalandira dzuwa mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mwera, pamene aliyense amalifuna. Musawonongerepo ndalama zambiri.

Pali china chimene ogulitsa sakonda kunena. Chotchinga chilichonse cha m'kati chimakumana ndi dzuwa litadutsa kale galasi, ndiye kuti kutentha kwambiri kwalowa kale m'nyumba. Chimachepetsa kuthobwa m'maso, chimateteza mipando kuti isasuluke, chimabisa za m'nyumba kwa odutsa, koma sichingapose khonde, mtengo wamthunzi, kapena mphasa yopachikidwa kunja. Kuti cha m'katicho chithandizeko, mbali yoyang'ana galasi ikhale yowala, kuti ibweze dzuwa. Shata yopakidwa vanishi wakuda bii imamwa kutentha n'kumakuwuzirani m'chipinda. Ndipo pamwamba pa windo payenera kukhala potulukira mpweya wotenthawo.

Mpweya ndi umene umandichititsa kukana mashata a thabwa lathunthu m'zipinda zogona. Kunyanja kuno timapulumukira kamphepo ka madzulo. Shata yabwino ikhale ya timatabwa topingasa totha kupendeketsedwa, kuti mutchinge dzuwa mphepo ikulowabe. Musaiwale kuti mipata imeneyi ndi msewu wa udzudzu. Shata siyilowa m'malo mwa waya wa udzudzu, ndipo wayayo salowa m'malo mwa neti. Ndaonapo anthu akuchotsa waya pawindo kuti shata ikwane bwino, m'boma limene malungo satha chaka chonse. Mmisiri wodziwa amayeza kuya kwa windo, amaona zogwirira za felemu yachitsulo ndi zitsulo zotchingira akuba, n'kupeza njira yoti zonse zikhalepo.

Tsopano za matabwa, pamene pagona nkhani yeniyeni. Thabwa likamauma limachepa m'mimba mwake kwambiri kuposa m'litali, ndipo silichepa mofanana mbali zonse, n'chifukwa chake limapindika. Patebulo kupindika pang'ono mutha kukhala nako. Pa shata ayi, chifukwa timatabwa take n'topyapyala, tili pafupipafupi, ndipo tikuwotchedwa ndi dzuwa mbali imodzi tsiku lililonse. Thabwa lochekedwa mwezi watha silingakhale shata, kaya likhale la mtengo wabwino chotani. Lifunika kuumikidwa pamthunzi kwa miyezi, litasanjidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yokhazikika, koma yasowa, ndipo mitengo yachilengedwe ngati imeneyi lamulo la za nkhalango la 1997 limafuna chilolezo kuti idulidwe ndi kunyamulidwa. Ngakhale mlombwa weniweni, chimene chimalimba ndi mtima wake wofiirira uja. Mbali yoyera ya kunja imafumbwa msanga. Malaina ouma bwino ndi opepuka, sapindikapindika, ndipo amalandira penti bwino, choncho pa mashata opaka penti ndimawakonda. Paini wa ku Chikangawa amatheka ngati wauma ndiponso wathiridwa mankhwala a chiswe. Bulugamu ndi wa milimo ndi mapaso, osati timatabwa topyapyala.

Nkhani ya mayi wina wa kuno imandipwetekabe mumtima. Anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ndalama zawo za penshoni anamangira kanyumba kabwino ndithu. Munthu wina anawalonjeza mashata a mlombwa m'nyumba monse pa mtengo umene sungagule ngakhale matabwa okha, ndipo anati m'masabata awiri zonse zikhala zitatha. Anasungadi lonjezo la masabata awiriwo. Pamene mayiwo ankandiitana, mvula inali itagwa n'kusiya. Chitseko china chinali chitapotoka moti pansi chinkakhudza felemu koma pamwamba pankalowa zala ziwiri. Timatabwa tina tinali titasweka pamene panalowa msomali, chifukwa sanaboole n'komwe, anangokhomerera. Mahinjesi anali achitsulo wamba, atachita dzimbiri lotsikira pakhoma. Ndinapala ndi mpeni kunsi kwa chitseko chimodzi, pamene maso safika. Kufiira konse kuja kunali kwa pamwamba pokha. M'kati munali bulugamu wotuwa amene anam'paka utoto.

Izi zokha zikanangokhala kutaya ndalama. Chimene chinandiwawa n'chakuti pakona pa windo la kuchipinda panali kamsewu ka dothi kokwera kuchokera pansi, ndipo mayiwo anati anakaona kalekale, ankangokasesa m'mawa uliwonse. "Ndinkati ndidikire kaye, bambo, mwina abwera adzakonze, paja analonjeza." Munthuyo foni yake inali italeka kupezeka. Chiswe chinali chitadutsa m'shata, kulowa m'felemu ya chitseko choyandikana, n'kuyamba kukwera ku matabwa a denga. Ntchito imene ikanatha ndi kuzula mashata awiri ndi kuthira mankhwala pansi inasanduka yosintha matabwa a denga, kwa munthu amene analibenso kwina kopeza ndalama. Analira pamaso panga, munthu wamkulu woti n'kukhala mayi wanga.

Kamsewu ka dothi pathabwa si kosesa. Kaufa kachikasu kogwa pansi pa bulayindi ya nsungwi si fumbi la mwera, ndi chizindikiro chakuti tizilombo tili m'kati tikudya. Shata imene yayamba kukanirira potseka mu Januwale ikhoza kungokhala yafufuma ndi chinyontho, koma ikakanirirabe mpaka mu Juni ndiye kuti yapotoka, ndipo kuikankha tsiku lililonse kumangozula masikuluwu n'kugumula pulasitala. Mukaona zimenezi itanani wodziwa sabata yomweyo. Musadikire malipiro a mwezi wa mawa kuti mungofunsa, chifukwa kuona kokha sikudula ngati denga.

Amisiri achinyengo ali ndi kayendedwe kawo. Amafuna ndalama zonse ntchito isanayambe. Amayeza windo limodzi n'kunena kuti onse ndi ofanana, pamene aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa kuti mawindo a nyumba zathu za njerwa zootcha sakhala ofanana, ndipo windo limodzi limayezedwa pamwamba, pakati ndi pansi. Amabwera ndi katundu atapakidwa kale vanishi wochindikala kuti musaone thabwa. Mukawafunsa kumene kuli shedi yawo amati ali ndi anyamata ku Lilongwe. Inu pitani kushediko, mukaone matabwa asanapalidwe, muwanyamule. Laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Funsani nyumba imene anaikamo mashata mvula ziwiri zapitazo, mupite mukatsegule ndi kutseka nokha. Satifiketi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi chinthu chabwino kuiona, koma shata imene yapirira dzinja kawiri imanena zambiri kuposa pepala. Aliponso ena amene amati mafuta akutha a injini ndiwo mankhwala a chiswe. M'nyumba yogona anthu musalole, amanunkha kukatentha, amadetsa makatani, ndipo penti sagwiranso pathabwapo.

Mabulayindi a bango, a nsungwi ndi a mlaza ndimawakonda, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti ndi a anthu osowa. Oluka mphasa ndi mikeka a kuno ali ndi luso limene malo ogona alendo a ku Senga Bay amalilipira bwino. Amalowetsa mphepo, amasefa kuwala, ndipo akatha mumangosintha osalira. Koma nawonso ali ndi malamulo ake. Nsungwi ikhale yokhwima, ya zaka 3 kapena 4, yodulidwa m'chilimwe. Yanthete imakhala ndi chakudya chambiri m'kati, chimene chimakoka tizilombo tofumbwitsa. Akale ankaiviika m'madzi kwa masabata angapo asanaiumitse, ndipo njira imeneyi imathandizadi pochotsa chakudyacho. Amakono amaiviika m'madzi osungunuliramo borax, mankhwala amene ndi oyenera zinthu za m'nyumba chifukwa mvula imawatsuka akakhala panja. Bango likhale louma gwa lisanalukidwe. Ndipo onetsetsani ulusi. Ulusi wa thonje kapena luzi umaola msanga padzuwa la kumadzulo, ndipo bulayindi yonse imamwazikira pansi bango likadali labwinobwino.

Dzinja likafika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, musapinde bulayindi yonyowa. Mvula ikawaza pawindo, isiyeni yotambasuka mpaka iume, apo ayi pakutha masiku ochepa mupeza chuku chakuda m'mapindo, chimene sichichoka ndipo chimavutitsa a chifuwa cha mphumu. Kubafa musaikeko n'komwe. Dziwaninso kuti bulayindi yoluka motalikirana imakubisani masana okha. Usiku mukayatsa magetsi, wodutsa panja amaona zonse, choncho kuchipinda muikireni nsalu kumbuyo kapena musankhe yoluka mothinana.

Kukhitchini ndimakana ndithu, ngakhale kasitomala akwiye. Bango louma limayaka ngati udzu wa mu Okutobala, ndipo m'nyumba zathu magetsi akazima timayatsa kandulo n'kuiika pawindo pomwepo. Mbaula ikhale kutali, kandulo isakhale pansi pa bulayindi. Ndipo poti mawindo athu ambiri ali ndi zitsulo zowotcherera, musawonjezerenso loko wa kiyi pa shata ya kuchipinda chogona. Kachitsulo kokoka ndi dzanja n'kokwanira.

Chingwe chokokera bulayindi nacho chisanyozedwe. Chikalendewera chozungulira ngati khwekhwe pafupi ndi bedi kapena mpando, mwana wongoyamba kuyenda akhoza kulowetsamo mutu n'kudzipotokola, ndipo zimachitika mwakachetechete mayi ali panja akutsuka mbale. Uzani woikayo adule chingwecho chikhale chachifupi, nsonga zake zisalumikizane, ndipo akhome kokolekapo pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando. Bedi la mwana lisunthidwe lichoke pansi pa windo limenelo tsiku lomwelo.