Za Sekondale Musaziyese ndi Sikelo ya NBA

Mkangano wa yemwe anali katswiri woposa onse pa basketball ya kusekondale m'chigawo cha Indiana ku America ukangoyamba, wina amathamangira kutchula Larry Bird. Zimatopetsa. Bird anamaliza sukulu ku Springs Valley, m'tauni ya French Lick, mu 1974. Ankasewera bwino, inde, koma sanatenge chikho cha chigawo, ndipo mphoto ya Mr. Basketball, yopita kwa wosewera wasekondale wopambana m'chigawomo, ya chaka chimenecho inapita kwa ena. Zikho zitatu zomwe anapata ndi Boston Celtics mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, ndi za bambo wamkulu, osati za mwana wasukulu. Funso ndi lakuti: anachita chiyani atavala yunifolomu ya sukulu yake?

Cholakwika chachiwiri ndi kungowerenga mapointi. Mzere woponyera mapointi atatu unafika m'masekondale mu 1987. Rick Mount wa ku Lebanon, yemwe anamaliza mu 1966, ankaponyera patali kwambiri, koma mpira uliwonse wolowa unkamupatsa awiri basi. Komanso masewero a kusekondale ndi a mphindi 32 zokha, zigawo zinayi za mphindi 8, ndipo kunalibe wotchi yokakamiza timu kuponya msanga. Mu ndime yomaliza ya chikho cha chigawo mu 1954, Bobby Plump wa sukulu ya Milan anaima ndi mpira m'manja kwa mphindi zoposa zinayi, Milan n'kugonjetsa Muncie Central 32-30. Pamenepo mapointi ochuluka angachokere kuti?

Funsaninso kuti chikhocho chinali chamtundu wanji. Kufikira 1997, masukulu onse a ku Indiana, aakulu ndi aang'ono, ankalimbirana chikho chimodzi. Kenako anawagawa m'magulu anayi potengera kuchuluka kwa ophunzira. Greg Oden ndi Mike Conley anatenga zikho zitatu zotsatizana ndi Lawrence North kuyambira 2004 mpaka 2006, m'gulu la masukulu aakulu. N'zopambana ndithu, koma si mpikisano womwe uja Milan, sukulu ya ana 161, inagwetsa Muncie Central.

Yemwe amandiwawa ndi Damon Bailey. Mnyamatayu anagoletsa mapointi 3,134 pa zaka zinayi ku Bedford North Lawrence, kuposa 3,019 a Marion Pierce omwe anakhala osafikidwa kuyambira 1961. Mphunzitsi wa timu ya yunivesite ya Indiana, Bob Knight, anayamba kukamuonera akadali giredi 8, kotero masewero aliwonse a kusekondale anawasewera maso a chigawo chonse ali pa iye, adani atakonzekera iye yekha. Mu 1990, anthu oposa 41,000 atadzaza bwalo la Hoosier Dome, timu yake inali kumbuyo kutatsala mphindi zochepa. Bailey anagoletsa mapointi 11 onse omaliza a timu yake, n'kugonjetsa Concord 63-60. Indiana Pacers inamusankha mu 1994, koma sanasewereko ngakhale masewero amodzi a ligi ya NBA. Basi pachifukwa chimenechi achinyamata amamufufuta pamndandanda, ngati kuti zomwe zinachitika ali ndi zaka 22 zingabwerere m'mbuyo kukachotsa mipira yomwe inalowa kale.

Chenjeraninso ndi akatswiri a pa intaneti. Amadula kavidiyo ka mphindi ziwiri, kudumpha kokhakokha, n'kulengeza kuti uyu ndiye nambala wani. Kavidiyo kotere sikaonetsa mipira yotayidwa, ulesi potchinga, kapena kuti timu inayo inali yofooka bwanji. Kamaponderezanso akale, omwe zithunzi zawo ndi zochepa. Mndandanda wosatchula zaka, adani ndi mtundu wa chikho ndi malonda chabe.

Nanga ine ndimaika ndani pamwamba? Oscar Robertson. Osati chifukwa cha NBA, ayi. Crispus Attucks ya ku Indianapolis inali sukulu ya anthu akuda okhaokha, ndipo masukulu otere ankaletsedwa kulowa mpikisano wa chigawo mpaka m'ma 1940. Mu 1954 Milan inawatulutsa Robertson akadali wamng'ono. Mu 1955 anatenga chikho, koyamba kuti sukulu ya akuda itero. Mu 1956 anachitenganso osagonja ngakhale kamodzi pa masewero 31. George McGinnis ndi Indianapolis Washington anachitanso 31-0 mu 1969, koma chikho chake n'chimodzi, pomwe Robertson ali ndi ziwiri, pa nthawi yomwe sukulu iliyonse m'chigawomo inkafuna chikho chomwecho.