Opaleshoni ya glaucoma sibwezeretsa kuona komwe kwatayika

Kuno ku Thyolo ambiri amaganiza kuti opaleshoni iliyonse ya maso ili ngati ya ng'ala: agogo apita ku Blantyre osaona, pobwerako akuwerenganso Baibulo. Ndiye munthu akamupeza ndi matenda a maso otchedwa glaucoma amati, "Ndidikire maso achite mdima kaye, akandikonze kamodzi." Zimandiwawa, chifukwa kudikira kumeneku kukuchititsa anthu khungu.

Glaucoma imawononga mtsempha wochoka m'diso kupita ku ubongo, kawirikawiri chifukwa madzi a m'diso sakutuluka bwino, akupanikiza mkati. Mtsemphawo ukafa sudzukanso. Opaleshoni imangoteteza kuona komwe kwatsala.

Pa njira yakale ya trabeculectomy, yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1960, dokotala amatsegula kanjira koti madziwo azitulukira kuseri kwa chikope chakumwamba. Imachepetsa kwambiri kupanikizako, koma wodwala amabwerera kuchipatala kangapo. Njira zatsopano, za kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kapena zoika kachubu kakang'onong'ono, zimapola msanga, komatu mphamvu yake ndi yocheperapo; zimathandiza kwambiri matenda asanakule.

Ngati mwadutsa zaka 40, makamaka ngati m'banja mwanu muli matendawa, kayezetseni maso ngakhale sakupweteka. Matendawa amayamba ndi kuwononga kuona kwa m'mbali, inu osadziwa.