Mwana adzaphunzire kuno ku Joni? Mafunso amene a kwathu amandifunsa

Tikangoweruka ku mapemphero Lamlungu ku Rosettenville, sipalephera kubwera mayi kapena bambo atagwira foni, kundionetsa chithunzi cha zotsatira za mwana wawo. "Achimwene, uyu wakhoza bwino Fomu 4. Ndimuitanitse adzaphunzire konkuno?" Mafunso ake ndi omwewo chaka ndi chaka, ndiye ndawalemba pamodzi.

Kodi n'zoona kuti Mmalawi amalipira fizi yofanana ndi mwana wa kuno?

N'zoona, ndipo mwayi umenewu unabadwira kwathu komwe. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro mumzinda wa Blantyre. Anagwirizana kuti wophunzira wochokera m'dziko la SADC azitengedwa ngati mwana wa pakhomo pa nkhani ya fizi, komanso kuti mayunivesite azisunga malo osachepera 5 pa 100 aliwonse a ophunzira otere. Choncho ku yunivesite ya Wits kapena ya UJ (University of Johannesburg) mwana wanu amalipira fizi ya eni dziko, kuwonjezerapo kandalama kena ka ophunzira akunja. Komabe marandi ake ndi ambiri ndithu mukawasintha kukhala makwacha, ndipo thandizo la ndalama limene boma limapatsa ophunzira, lotchedwa NSFAS, ndi la nzika za South Africa, ife silitikhudza.

Nanga MSCE ikukwanira?

Apa ndi pamene mitima ya makolo ambiri imasweka, ndipo ndimamva chisoni kuwauza. MSCE payokha siimulowetsa mwana ku digiri kuno, ngakhale atapeza mapointi 6. Matiriki, satifiketi yomalizira sekondale kuno, amaiwerengera pamwamba pa Fomu 4 yathu. Wophunzira wa satifiketi yakunja amayenera kupeza chikalata chomuvomereza kuchokera ku Matriculation Board ya bungwe la Universities South Africa, ndipo njira yodziwika yochipezera ndi kulemba mayeso a A-Level. Amene ali kale ndi digiri ya ku UNIMA, MUBAS, LUANAR kapena Mzuni ndipo akufuna masitala, mapepala ake amakaunikidwa ku SAQA, bungwe la kuno loona za mapepala a maphunziro.

Maganizo anga ndi akuti ngati mwana wasankhidwa ku yunivesite ya boma kwathu, msiyeni ayambire komweko. Adzabwere kuno kudzapitiriza atakhwima, njira yake imakhala yosalala kusiyana ndi kumukoka ali ndi Fomu 4 yokha.

Angabwere ndi masiku 30 aja, mapepala n'kukonzera konkuno?

Ayi, chonde musatero. Masiku 30 amene amatidindira pa Beitbridge ndi a mlendo wodzacheza, ndipo malamulo salola kusintha chilolezo cha mlendo kukhala viza ya sukulu uli m'dziko muno. Viza imapemphedwa munthu ali ku Malawi, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Ndinaonapo mtsikana wina atatsika basi pa Park Station, chikwama chodzaza ufa ndi usipa, kalata yomulandira ku sukulu ili m'manja. Yunivesite inakana kumulembetsa chifukwa analibe viza. Anabwerera, ndalama ya basi inapita pachabe, ndipo chaka chonsecho chinamudutsa. Amayi ake anali atagulitsa mbuzi.

Pa viza pamafunika chiyani?

Pasipoti, kalata ya yunivesite yotsimikiza kuti mwana walandiridwa, umboni wa ndalama zomusamalira, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti alibe mlandu ngati wakwana zaka 18, ndi inshulansi ya chipatala yolembetsedwa kuno ku South Africa. Ya kwathu saiwerengera. Viza imalembedwa dzina la sukulu, ndiye akafuna kuchoka ku UJ kupita kwina ayenera kupemphanso. Sukulu imatsegulira mu February, koma mafomu ofunsira malo amatsekedwa chaka cham'mbuyo mwake, ena mu June momwe, makamaka a zachipatala.

Angamagwireko ganyu?

Lamulo limalola maola 20 pa sabata, osapitirira. Imeneyo ndi ya sopo ndi ya takisi. Musamuwerengere kuti adzilipirira fizi ndi lendi ya ku Braamfontein kapena Auckland Park.

Nanga makoleji otchipa a m'tauni aja?

Ena ndi enieni, ena ndi misampha. Mudzaona chikwangwani chokongola pa nsanjika yachitatu, pansi pake pali shopu ya mafoni, mnyamata akugawa timapepala pa khomo. Musanapereke ngakhale randi imodzi, funsani nambala yawo ya kaundula ndipo mukaiyang'ane pa mndandanda wa sukulu zovomerezeka umene unduna wa maphunziro apamwamba, DHET, umaika pa intaneti. Onaninso ngati kosi imene mwana akufunayo ili pomwepo, chifukwa koleji itha kukhala yolembetsa koma kosiyo ayi. Ndipo kumbukirani kuti mwanayu tsiku lina adzabwerera kumudzi kukafuna ntchito. Kumeneko bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE ndi limene limaunika mapepala ochokera kunja, choncho ndi bwino wachibale wa ku Lilongwe akafunsiretu za sukuluyo musanagule tikiti ya basi.