Mitundu ya mawaya a humbucker isakupusitseni

Mnyamata wina woimba kutchalitchi anabwera kwa ine atanyamula gitala, nkhope ili yakugwa. Anali atagula humbucker (mtundu wa pickup, kachipangizo kotola kulira kwa nsambo pa gitala ya magetsi) yatsopano ya kampani ya DiMarzio n'kuilumikiza yekha potsatira chithunzi cha pa intaneti. Gitalayo inkalira mopyapyala ngati udzudzu, phokoso la "hmmm" lili thoo. Nditatsegula kumbuyo ndinapeza vuto pompo: chithunzi chimene anatsatira chinali cha kampani ina, Seymour Duncan.

Tiyambe ndi chimene chili m'kati. Humbucker ndi makoyilo (mikulungo ya waya woonda) awiri oyandikana, okulungidwa mosemphana, ndipo maginito ake nawonso ndi osemphana. Phokoso la magetsi a m'nyumba likalowa m'makoyilo onse awiri limafafanizana lokha, koma kulira kwa nsambo kumaphatikizana n'kukula. Seth Lover wa kampani ya Gibson anapempha patent ya luso limeneli mu 1955, ndipo pofika 1957 linali pa magitala a Les Paul.

Ma humbucker ambiri a masiku ano amabwera ndi mawaya anayi, koyambira ndi kothera kwa koyilo iliyonse, kuphatikizapo waya wachisanu wosavala womwe nthawi zonse umapita ku ground (polumikizirana zitsulo zonse za gitala, monga kumsana kwa pot, kachipangizo kokweza ndi kutsitsa mawu). Mutu umawawa apa: kampani iliyonse ili ndi mitundu yakeyake. Kwa Seymour Duncan, wakuda ndiye umanyamula mawu, wofiira ndi woyera mumawalumikiza pamodzi n'kumata tepi, wobiriwira umapita ku ground. Kwa DiMarzio wonyamula mawu ndi wofiira, olumikizana ndi wakuda ndi woyera, wobiriwira ku ground. Mnyamata uja anatembenuza koyilo imodzi osadziwa, ndiye makoyilowo ankafafaniza nyimbo n'kusiya phokoso.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira mtundu wa waya ndisanayeze. Tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muiike pa ma ohm. Mawaya awiri amene akuonetsa nambala ndi a koyilo imodzi. Mukalumikiza bwino, humbucker ya mawu achikale imaonetsa pakati pa 7k ndi 9k (ma ohm 7,000 ndi 9,000), pamene zaukali ngati JB ya Seymour Duncan zimafika cha m'ma 16k. Mukapeza theka la nambala imene mumayembekezera, koyilo imodzi yagona, ndipo kawirikawiri ndi mawaya awiri olumikizana aja amene akukhudza chitsulo chifukwa tepi yamatuka.

Musanachotse pickup yakale, jambulani mawaya ndi foni. Mudzandithokoza.

Powotcherera kumsana kwa pot, ambiri amalephera chifukwa chitsulo chawo chowotcherera n'chozizira. Cha ma watt 40 chimakwana. Palani pang'ono pamalopo, pakani solder (mtovu wowotcherera) kaye pa pot ndi pa waya, kenako muzigundanitse kwa masekondi ochepa. Mukakhalitsa mupsereza pot m'kati. Solder yogwira bwino imanyezimira. Yotuwa, yooneka ngati chibuluma cha nsima yozizira, idzakuchititsani manyazi pakati pa nyimbo. Pot yake ikhale ya 500k, chifukwa ya 250k, yomwe imayenera single coil (pickup ya koyilo imodzi), imabisa mawu akuthwa a humbucker.

Mwina pickup iliyonse payokha ikulira bwino, koma switch ikakhala pakati, poyatsa ma pickup awiri pamodzi, mawu akupyapyala. Pamenepo ziwirizo zikukokerana kosiyana. Pa imodzi yokha, sinthanitsani waya wonyamula mawu ndi wobiriwira wa ground uja. Wosavala musaukhudze, usiyeni pomwe uli.