Jekete ya Chilembo Pachifuwa: Mbiri Yake ku Texas

Amene mumakonda kuvundula kaunjika mwina munaigwirapo jekete yotere: thupi lake la ubweya wokhuthala, manja achikopa, ndipo kumanzere kwa chifuwa kuli chilembo chimodzi chachikulu chamanyunyu. Kuno timangoti ndi ya nthawi yozizira. Ku America mwini wake woyamba anaikhetsera thukuta.

Mwambowu unayambira ku yunivesite ya Harvard. Mu 1865 timu ya baseball ya kumeneko inasokera chilembo H pa malaya awo, ndipo mu 1875 timu ya mpira inatsatira. Mpira wake si wathu wa miyendo uja, koma wa ku America, wothamanga nawo m'manja uku anthu akugundana ngati nkhosa zamphongo. Sikuti aliyense ankapita nacho kwawo chovalacho. Amene anasewera masewero akuluakulu ndiwo ankaloledwa kusunga, ena onse ankabweza nyengo ikatha. Chilembo chinasamukira pa juzi, kenako sukulu za sekondale zinatengera. Chithunzi cha mu 1911 cha sukulu ya Phoenix Union ku Arizona chikuonetsa wophunzira atavala juzi yotero. Jekete ya manja achikopa inafala cha m'ma 1930.

Koma kuti muimvetse bwino, pitani ku Texas. Kumeneko mpira wa sekondale umaseweredwa Lachisanu usiku, ndipo m'matauni ang'onoang'ono anthu amakhamukira kubwalo ndi ana omwe. Bungwe loyendetsa mipikisano ya sukulu, University Interscholastic League, linachititsa fainolo yake yoyamba, ya nyengo ya 1920, pamene Cleburne ndi Houston Heights anafanana mphamvu 0-0 n'kugawana ukatswiri. Lero mafainolo amachitikira pa bwalo la AT&T ku Arlington, pomwe timu ya akuluakulu ya Dallas Cowboys imasewerera. Ku Odessa, tauni ya migodi ya mafuta, sukulu ya Permian inatenga chikho mu 1965, 1972, 1980, 1984, 1989 ndi 1991. Jekete yake ndi yakuda ndi yoyera, ndipo chilembo chake ndi P.

Bungweli lili ndi lamulo loti sukulu ipereke mphatso yaikulu imodzi yokha kwa wophunzira pa zaka zake zonse pasukulupo, ndipo mtengo wake uli ndi malire. N'cholinga choti sukulu zolemera zisamanyengerere ana ndi katundu. Motero jekete imakhala imodzimodziyo, zowonjezera ndi zigamba: chaka chomaliza sukulu, nambala ya wosewera, timizere tosonyeza zaka zimene wakhala mutimu, ndi chigamba cha chikho ngati chinabwera. Wodziwa kuwerenga jekete safunsa mafunso ambiri. Kale mtsikana akavala jekete ya mnyamata, sukulu yonse inkadziwa kuti malo alipo eni ake.

Mbali imene ine ndimaiona yolemera kwambiri ndi ya sukulu za anthu akuda. Nthawi ya tsankho, ana akuda sankaloledwa m'mipikisano ya azungu. Kuyambira 1920 anali ndi bungwe lawolawo, limene linadzatchedwa Prairie View Interscholastic League potengera koleji ya Prairie View yomwe inkaliyang'anira. Mpira wake sunali wamasewera. Ku Houston, sukulu za Yates ndi Wheatley zikamakumana tsiku la Thanksgiving, la chikondwerero chothokoza cha ku America, bwalo la Jeppesen linkadzaza ndi anthu masauzande ambiri, atatchena ngati akupita kuukwati. Joe Greene, amene anadzatchuka ndi timu ya akuluakulu ya Pittsburgh Steelers, anaphunzira pa Dunbar ku Temple. Bubba Smith, wosewera winanso wotchuka, anachokera pa Charlton-Pollard ku Beaumont, pomwe bambo ake anali mphunzitsi wa timu.

Tsankho litathetsedwa m'sukulu, matimu a akuda anayamba kulowa m'bungwe lalikulu lija mu 1967, ndipo pofika 1970 bungwe la Prairie View linatha. Chinali chilungamo, palibe angakane. Komatu kuphatikizako kunkayenda mbali imodzi: ana akuda ndiwo ankasamuka, ndipo sukulu zawo zambiri zinatsekedwa kapena kusandutsidwa za ana aang'ono. Aphunzitsi a matimu amene anali ndi zikho anakhala othandizira anzawo achizungu. Zikho, zithunzi ndi mabuku a zotsatira zambiri zinasokonekera posamuka, zina zinatayidwa.

Zimene zinapulumuka kwambiri ndi zomwe zinali m'nyumba za anthu, chifukwa jekete inali ya mwana, osati ya sukulu. N'chifukwa chake akuluakulu amene anasewera kapena kuphunzitsa m'sukuluzo anakhazikitsa bungwe lotolera zinthu zakalezi, ndipo amachita misonkhano yolemekeza osewera a nthawi imeneyo. Mabanja amatulutsa majekete, majuzi ndi timapepala ta m'nyuzipepala, ndipo nthawi zina chaka chosokedwa pamkono ndicho chimathetsa mkangano woti sukulu yakutiyakuti inapambana liti.