Kubena chimbale cha Linux si kuba

Anthu ambiri kuno ku Lilongwe anazolowera zimbale za nyimbo ndi mafilimu zobenedwa mozemba, moti chimbale chilichonse cholembedwa pamanja amachiyesa katundu wakuba. Ukawapatsa cha Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, amayamba kudodoma, ati a COSOMA angawagwire. Mantha amenewa alibe maziko.

Windows ndiye ili ndi mwini wake amene amaletsa kukopera. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, imayendera chilolezo cha GPL. Chilolezochi chimalola aliyense kukopera, kugawa, kusintha, ngakhale kugulitsa kumene, bola wolandirayo asamanidwe ufulu womwewo. Kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inatulutsa Ubuntu mu 2004, ndipo mpaka 2011 inkatumiza yokha zimbale zaulere pa positi kudzera mu ShipIt, n'cholinga choti anthu azipatsirana.

Ena amaopa kuti chimbale chikangolowa, zithunzi ndi mafayilo onse zapita. Ayi ndithu. Mukaiuza kompyuta mu BIOS, kapulogalamu kamene kamayamba kugwira ntchito mukangoiyatsa, kuti iyambire pa chimbale, mumatha kuyesa kaye Ubuntu osakhudza hard disk. Kompyutayo imangochita ulesi, chimbale chili phokoso kuzungulira m'katimo. Kufufuta kumadza pogawa hard disk m'zigawo kuti muikemo Ubuntu, nanunso mutachita kusankha nokha. Pamenepo pokha werengani mofatsa, ndipo mafayilo anu muwasunge kaye kwina, pajatu magetsi athu satsanzika akamazima.

Kungoti CD wamba imanyamula 700 MB basi, ndipo Ubuntu wa masiku ano sakwanamo. Ambiri tsopano amamuika pa flash, chilolezo n'chomwecho.