Asilikali a ndende alembedwa, nanga mkatimo bwanji muli atatu okha?

Boma likangolengeza kuti likulemba asilikali a ndende foni yanga siipuma, anyamata kuyambira pa Dedza boma mpaka ku Lizulu, "bwana MSCE ndili nayo, mundiponyereko dzina". Ana anga dzina siliponyedwa, lembani kalata ngati anzanu onse, ndipo wokuuzani kuti mupereke kenakake ameneyo ndi tsizinamtole basi. Koma nkhani yanga lero ndi ina.

Mukamva pa wailesi kuti marikuluti amaliza maphunziro ku Mapanga ku Zomba mumaganiza kuti vuto latha eti. Ine ntchitoyi ndaigwira, tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza ndende ili ndi asilikali 30. Ndende siitseka ngati golosale ndiye agaweni mashifiti atatu, atsala 10. Mmodzi ali pa tchuthi, wina wapita kumaliro, awiri atenga gulu kumunda, awiri ali pageti kuvundukula makontena a nsima ndi mbatatesi zomwe abale abweretsa, wina ali kuchipatala wakhala pa benchi pambali pa bedi la mkaidi wodwala, mfuti pamiyendo, kuzizira kwa Dedza kuja kwa mu Juni jekete yake imodzi yomweyo, ndipo sangachoke ngakhale kukagula tiyi mpaka mnzake abwere. Otsala mkati ndi atatu.

Atatuwo sangaone zonse, nchifukwa chake akaidi amatsekeredwa dzuwa likadali pamwamba, ndipo loko akalira wolamula mu selo ndi nyapala, mkaidi mnzawo yemweyo. Ndi iye amanena uyu agona apa, uyu pafupi ndi ndowa. Nyapala wabwino amatithandiza zedi sindikana, koma woipa amagulitsa malo ogona ndi sopo kapena ndiwo, msilikali nkumadzazimva kwacha.

Mu 2009 khoti pa mlandu wa Masangano, mkaidi amene anakadandaula za moyo wa mundende, linauza boma kuti lichepetse ndi theka kuthithikana mundende pa miyezi 18. Ambiri amangoiona ngati nkhani ya akaidi koma ndi yathunso, chifukwa olowa akachuluka kuposa olembedwa ntchito, rikuluti watsopano amangofikira kutseka dzenje la wina amene wapuma kapena wamwalira. Ndiye pena nyumba ya boma palibe, mwanayo akachita lendi ku mudzi kutali, belu likalira usiku afike bwanji.